Galimoto Yosaphonya Tsiku Loyezedwa

Chimene chinamudabwitsa telala m'mawa woyamba chinali mpando wa dalaivala. Madzulo anausiya kumbuyo, poti iye ndi wamtali ngati mlongoti, koma anaupeza utakankhidwira pafupi ndi chiwongolero. Anangoseka. Munthu amene wagula galimoto yake yoyamba imvi zili mbuu saona choipa, ndipo telala ankaipukuta ngakhale pamene panalibe fumbi.

Anaigula kwa mayi wina wamasiye, itakhala pamiyala zaka zitatu chimwalirireni mwini wake. Loweruka mwana wamkazi wa telalayo ankakwatiwa, ndipo iye anali atalengeza msewu wonse kuti mkwatibwi adzamunyamula yekha, osati pa galimoto yobwereka.

Usiku wachiwiri mkazi wake anamugwedeza.

"Bambo, tadzukani," ananong'ona. "Galimoto yanu ija ikuphethira."

Telala anasuzumira pakatani. Mumdima wa bii, nyali yakumanzere inaphethira katatu, kenako yakumanja. Zakumbuyo zinafiira, n'kuzima. Mawaipa anakwecha galasi louma, kwee, kwee, hutala n'kulira kamodzi, motsitsa, ngati munthu wosafuna kudzutsa ana. Mkatimo munalibe mutu wa munthu.

"Ndi mawaya amenewo," anatero telala, makiyi atawafumbata m'manja.

Lachitatu anapita ku ofesi yoyeza galimoto kukafunsa mbiri yake ndi za msonkho, kuopa kuti apolisi angadzamuchititse manyazi mkwatibwi ali m'kati. Kalaliki analemba nambala pa kompyuta, n'kugwedeza mutu mosirira.

"Mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe, bambo. Msonkho uli bwino. Kuyezedwa, chaka chilichonse, tsiku lomwelomwelo, osaphonya. Chiphaso chikutha mawa."

"Komatu inali pamiyala zaka zitatu, yopanda matayala."

"Ine ndikuwerenga zolembedwa."

Telala anatuluka akuimba mluzu. Chimwemwe n'choipa, chimatseka makutu. Komabe pofuna kumutsimikizira mkazi wake kuti palibe chachilendo, usiku umenewo anatenga bulangeti ndi tochi n'kukagona pampando wakumbuyo. Anamva nkhululu, anamva galu kutali, kenako fungo la fodya wa kaliwo, iye wosasuta. Tulo tinamugwira ngati wamwa mankhwala.

Anadzuka dzuwa litakwera, galimoto ili pabwalo pomwepo, geti lokhoma. Boneti inali yotentha. Pagalasi lakutsogolo panali stika yatsopano, guluu wake asanaume.

"Mayi! Yayezedwa! Loweruka tikuyenda!" anakuwa, kenako mawu ake omwe anamuzizira m'kamwa.

Anathamangira ku ofesi kuja wapansi. Woyeza galimoto, atavala ovololo yamafuta, anamuzindikira asanayankhule.

"Aa, mwadzuka? Munali mkonono wokhawokha kumbuyo kuja."

"Anabwera nayo ndani?"

"Madala aja afupi, a kaliwo. Chaka chilichonse amakhala oyamba pamzere, tisanatsegule n'komwe. Ndimati ndi bambo anu."

Telala anagwira khoma.

"Ananena chiyani?"

Woyezayo anapukuta manja pakansanza, akukumbukira.

"Anati tisakudzutseni, mupume. Kenako anandiuza kuti mabuleki ndisavutike nawo. Akuti Loweruka ali ndi ulendo wautali, atenga inu ndi mwana, ndipo panjira sadzaima paliponse."