Zitoliro Ziwiri m'Chifunga

Nkhaniyi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo ndekha, ndipo alamu anga a Verna akadali moyo kwathu ku Idaho, mukhoza kukawafunsa. Amuna asanu ndi mmodzi amene anafufuza nafe m'phirimo nawonso anazimva, kungoti masiku ano ukaiyamba nkhaniyi amayang'ana kumbali.

Achimwene anga a Orrin anali katswiri woitana eliki, mbawala zikuluzikulu za m'mapiri mwathu zija. Mu Seputembala mphongo zikayamba kulirira zazikazi, iwo ankatenga chitoliro n'kulira ngati mphongo inzake kuti ibwere kudzamenyana, ine n'kubisala kutsogolo ndi uta. Lamulo lawo linali louma: m'mamawa liza kamodzi, khala chete mphindi makumi awiri, dzuwa likakwera chitoliro chibwerere m'thumba. Ine kupirira kumeneko kunkandivuta.

"Iwe Lyle," ankatero, "ukuliza ngati galimoto ya ozimitsa moto. Ndi mphongo iti yopusa ingabwere?"

Kulira kwa chitoliro chawo sukanakusokoneza ndi kwa wina. Hatchi inawagulula dzino lakutsogolo ali mnyamata, choncho chitoliro chawo chinkathera ndi kalikhweru kosweka. Tinalinso ndi pangano: tikasowana, kulira kwa yaikazi katatu motsatizana ndiye kuti "ndili pano".

Tsikulo kunacha ndi chifunga chili mbuu, moti mtengo wa paini wachitatu sunkauona. Tinaima pamwamba pa chigwa, a Orrin n'kuliza kamodzi. Tinadikira. Patapita mphindi zisanu, kumunsi kunabwera yankho, ndipo linathera ndi kalikhweru kosweka.

Ndinati mwina ndi phiri likubweza mawu, koma phiri silidikira mphindi zisanu. A Orrin, munthu amene sankabwereza, analizanso pomwepo. Yankho linabweranso chimodzimodzi.

"Pali chitsiru china chikundinyogodola," ananong'ona. "Khala pompano ndikachione."

"Achimwene, chifungachi."

"Phiri lino ndinaliyenda iwe ukuyamwa. Ukamva katatu, uyankhe katatu."

Anatsetsereka, chifunga n'kuwameza. Ndinakhala patsinde la paini ndikumwa khofi wozizira, ndikudzitonthoza kuti abwera akutukwana mlenje wina wa m'tauni.

Ola linatha. Agologolo amene ankalongolola m'mitengo analeka. Kunangoti zii.

Kenako ndinamva katatu, chakumunsi, kutali. Mtima unakhala m'malo. Ndinatulutsa chitoliro changa n'kuyankha katatu.

Anandiyankha awiri.

Wina kumunsi kuja. Wina chakumanzere, pafupiko. Onse katatu, onse ndi kalikhweru kosweka.

Ndinafuula, "Achimwene!" Palibe anayankha ndi pakamwa. Ndinalizanso. Wakumunsi anamveka kutali kuposa poyamba. Wakumanzere anali atasendera.

Apa mpamene ndinazindikira msampha umene ndinalimo. Mmodzi mwa awiriwa anali mbale wanga, wosochera m'chifunga, wodalira chitoliro changa kuti apeze njira. Winayo sindinkadziwa kuti n'chiyani. Ndikaliza, ndikuitana onse. Ndikaleka, ndataya a Orrin. Ndinasowa mtengo wogwira, ndipo mantha amene ndinali nawo sindingawabise.

Ndinaliza kachitatu. Kachinayi. Kachisanu. Wapafupi uja ankasenderabe, koma mapazi sankamveka. Munthu woyenda m'nkhalango amathyola tinthambi. Uyu ayi. Ndinkangomva chinthu chikukhwekhwereza masamba, n'kuima, n'kukhwekhwerezanso. Kunabwera fungo la matope onunkha amene mphongo zimagubuduzikamo, koma pamwamba pamenepo panalibe chithaphwi.

Mumtima ndinagamula kuti a Orrin ndi wakutali uja. Munthu sayenda chomwechi.

Ndinaleka kuliza.

Wapafupi analiza yekha. Katatu. Ndinagwira pakamwa. Analizanso, mofooka, kawiri kokha, ngati mpweya wamuthera. Kenako kamodzi.

Ndinathawa. Ndinasiya uta, ndinasiya chikwama, ndinakafika kugalimoto maondo ali magazi okhaokha, n'kuyendetsa mpaka pamene foni inagwira.

Madzulo ake tinakweranso phirilo ndi apolisi ndi anthu a m'dera lathu, a Verna ali pakati pathu atavala jekete la amuna awo. Chifunga chinali chitachoka. Tinapeza uta wanga patsinde paja. Mkulu wina wodziwa kulonda mapazi, a Delbert, anayenda chakumanzere masitepe makumi anayi n'kuima.

"Lyle, tabwera kuno. Mayi, inu bakhalani komweko."

Pansi panali mkukuluzi wa munthu wokwawa ndi zigongono, akukoka mwendo umodzi. Unachokera kumunsi kwenikweni, mtunda woti wamiyendo yabwino angayende theka la ola, ndipo unalunjika pamtengo wanga osakhota. Panali nsapato imodzi ya a Orrin ndi magazi pang'ono pamasamba. Pamenepo mkukuluziwo unathera. Panalibe phazi la chimbalangondo, la mkango wa m'phiri, ngakhale la munthu. Agalu ofufuzira amene tinabwera nawo anafika pomwepo n'kukhala pansi, akulira.

"Nanga achimwenewo osafuula bwanji?" ndinafunsa.

A Delbert anangopukusa mutu.

Tinafufuza masiku asanu ndi anayi. M'mamawa uliwonse chitoliro chinkamveka kamodzi kumunsi kwa chigwa, ndi kalikhweru kake. Tikatsikirako, chinkamveka kumtunda. Tsiku lachitatu a Delbert analetsa aliyense kuyankha. Chipale chofewa cha nyengo yozizira chitagwa, apolisi anatiuza kuti basi.

Tikutsika tsiku lomaliza, a Verna anandigwira mkono pafupi ndi galimoto. Masiku onsewo anali asanandifunse kanthu.

"Alamu, pamene ankakwawa paja, ankakuitanani?"

"Eya."

"Inu munkawamva?"

"Ndinkawamva."

Maso awo anali ouma. Ndinkafuna andimenye, anditukwane, koma iwo anangomanga zipi ya jekete lija mpaka m'khosi.

"Masitepe makumi anayi," anatero, n'kukakwera galimoto ya a Delbert.