Mphasa ya Agogo a M'kompyuta

Zelifa anali mtsikana wa ku Mchinji Boma. Masiku amenewo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kukwera lole ya abambo ake.

Abambo ake, a Lameki, ankayendetsa lole yopita ku Zambia. Inali lole yobiriwira. Ikalira, agalu onse ankathawa.

Tsiku lina a Lameki anabwera ndi kompyuta yakale. Anaiika pa tebulo lalitali. Analowetsamo sidi yonyezimira. Pagalasi panatulukira agogo a ndevu zoyera. Agogowo anali ndi nkhuku zambiri.

"Werenga nkhukuzi," anatero a Lameki. "Kenako udine nambala ndi kamausi aka. Ukakhoza, agogo akupatsa nyenyezi. Koma uzifulumira, nkhuku zimathawa."

"Nanga nyenyezizo n'zachiyani, ababa?"

"Zikakwana khumi, Loweruka ukwera nane mpaka pa boda."

"Zikapanda kukwana?"

"Lole inyamuka. Udzaionanso mvula ikagwa."

A Lameki anapita ku Lilongwe kukatenga katundu.

Lolemba Zelifa anayatsa kompyuta. Agogo anatulukira. Zelifa anatsika pampando. Anagwada. Anaomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

Koma tebulo linali lalitali. Dzanja silinafike pa mausi. Nkhuku zinathawa. Nyenyezi palibe.

Lachitatu anayatsanso. Agogo anatulukira. Zelifa anagwada. Nkhuku zinathawa. Nyenyezi palibe.

Amayi ake, a Enifa, anaseka.

"Iwe Zelifa! Amenewo ndi agogo ojambula. Khala pampando!"

Zelifa anakwera pampando. Agogo anamuyang'ana. Manyazi anamugwira.

"Amayi, sindingathe. Iwo aima, ine ndakhala pampando!"

Anatsikanso. Nkhuku zinathawa. Nyenyezi palibe. Zelifa anaganiza za lole yobiriwira. Misozi inalengeza m'maso.

Lachisanu kunabwera mlendo. Anali azakhali a Zelifa, a Luwiza, ochokera kwa Mavwere. Amayi anathamanga kukatenga mphasa. Anaiyala pansi. Azakhali anakhala. Amayi anagwada pambali pawo. Anacheza bwinobwino, maso ndi maso.

Zelifa anayang'ana mphasa. Anayang'ana tebulo lalitali. Anayang'ananso mphasa.

"Amayi! Agogo aja ndi alendo. Sitinawayalire mphasa!"

"Ndani ameneyo?" anafunsa azakhali. "Muli ndi mlendo m'nyumba, sabata yonse ali chiimire?"

Amayi anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma ananyamuka. Iwo ndi azakhali anatsitsa kompyuta. Inali yolemera ngati thumba la mtedza. Anaikhazika pamphasa.

Zelifa anayatsa. Agogo anatulukira. Zelifa anagwada. Anaomba m'manja.

"Takulandirani, agogo."

Tsopano mausi inali pafupi ndi bondo lake. Nkhuku zinali pamaso pake penipeni.

"Imodzi, ziwiri, zitatu!"

Anadina. Ngwe! Nyenyezi inawala.

"Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu!"

Ngwe! Ina inawala. Azakhali analulutira. Pa nyenyezi yachisanu ndi chiwiri, nkhuku zinathawa. Zelifa anapukuta thukuta. Anayambanso. Dzuwa lisanapendeke, nyenyezi zinakwana khumi.

Loweruka m'mawa lole inalira panja. A Lameki analowa. Anapeza kompyuta ili pamphasa. Anawerenga nyenyezi ndi chala. Amayi anawanong'oneza nkhani yonse.

A Lameki anavula chipewa. Nawonso anagwada.

"Zikomo, agogo, pondiphunzitsira mwana."

Kenako anamunyamula Zelifa m'mwamba. Anamukhazika kutsogolo kwa lole. Mitengo inkathamanga. Mapiri a Mchinji ankayenda nawo limodzi. Zelifa anawerenga nkhuku zonse za m'mbali mwa msewu mpaka pa boda.

Kompyuta ija inafa kalekale. Lole yobiriwira inagulitsidwa. Koma mphasa ija ilipobe. Mlendo akafika, amayi amaitana kuti, "Zelifa, tenga mphasa ya agogo!"