Belu Lipita Kukafuna Mawanga

Tryness anali ndi galu. Dzina lake linali Mawanga. Anali wakuda, wamawanga oyera. Khutu limodzi linali loimirira. Linalo linali lopindika.

Tsiku lina Mawanga anasowa.

Tryness ankakhala m'mudzi wina pafupi ndi Sinda. Atate ake, a Rabson, anali aphunzitsi. Sukulu yawo inali yofolera ndi udzu. Pabwalo panali mtengo wa mango. Pamtengopo anapachikapo belu. Belulo linali chitsulo chakale cha pulawo.

Woliza belu anali Tryness. M'mawa uliwonse ankalimenya katatu.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Ana ankathamanga. Mawanga ankathamanganso. Ana ankaima pamzere. Mawanga ankakhala kumapeto kwa mzere.

"Manja patsogolo," ankatero a Rabson.

Ana ankaonetsa manja osamba. Mawanga ankakweza phazi limodzi. Tsiku ndi tsiku zinkatero.

Koma Lachisanu lina, Tryness analiza belu. Ana anabwera. Mawanga sanabwere.

Tryness anayang'ana pansi pa nkhokwe. Panalibe. Anapita kuchitsime. Kunalibe. Anapita kudimba. Kunalibenso.

"Amayi, Mawanga ali kuti?"

Amayi ake anasiya kupeta. "Dzulo pamsewu panadutsa ngolo," anatero. "Inanyamula nsomba zouma. Ukudziwa mphuno ya galu wako."

Tsiku limenelo Tryness sanasewere.

Loweruka kunalibe sukulu. Tryness anaima pansi pa mango. Anayang'ana belu. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Atate," anatero, "Mawanga sakumva belu. Ali kutali."

"Ndi zoona, mwananga."

"Ndiye belu lipite kumene aliko."

A Rabson anaseka. "Belu liribe miyendo."

"Koma inu muli ndi njinga."

A Rabson anakanda m'mutu. Anayang'ana amayi. Amayi anangomwetulira.

"Chabwino," anatero a Rabson. "Koma libwerere dzuwa lisanalowe. Mawa liitana anthu kumapemphero."

Anamasula belu. Tryness anakwera kumbuyo kwa njinga. Analifungatira ngati mwana. Linali lolemera. Linali ladzimbiri.

Anafika pamsewu waukulu. Lole inadutsa, ikupita kutauni ya Fort Jameson. Fumbi linati kobo. Tryness anayetsemula. Basi inadutsa, ikupita ku Lusaka. Pamwamba pake panali mitolo ndi nkhuku. Anthu anasuzumira pazenera. Anaona mtsikana atanyamula belu. Anadabwa.

Njinga inasiya msewu. Inalowa kanjira ka ngolo.

Anafika pamudzi woyamba. A Rabson ananyamula belu m'mwamba. Tryness anamenya.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Kodi kunabwera galu? Ayi. Kunabwera ana.

Anabwera akuthamanga. Wina ananyamula sileti. Wina anali atasamba theka la nkhope. Wina anali ndi mbatata kukamwa. Onse anaima pamzere.

"Aphunzitsi, sukulu ya Loweruka yayamba liti?" anafunsa mtsikana wamtali.

"Kulibe sukulu lero," anatero a Rabson. "Tikufuna galu."

"Ndiye ndasambiranji ine?" anatero wa theka la nkhope uja.

Onse anaseka.

"Ndi wakuda," anatero Tryness. "Ali ndi mawanga oyera. Khutu limodzi ndi lopindika."

Ana sanamuone. Koma anafuna kuthandiza. Anatsata njinga pambuyo.

Anafika pamudzi wachiwiri. A Rabson ananyamula belu m'mwamba. Tryness anamenya.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Kodi kunabwera galu? Ayi. Kunabwera amayi a m'mudzimo.

Anabwera akumanga mipango kumutu. Ananyamula mabuku a nyimbo. Patsogolo panali mayi wina wamkulu, a Florence. Manja awo anali mbuu ndi ufa.

"Aphunzitsi, takulandirani," anatero a Florence. "Mapemphero tichitira pati?"

"Pepani, amayi. Si mapemphero. Tikufuna galu."

"Galu?" A Florence anagwira m'chiuno. "Ine ndasiya mtondo pabwalo. Nkhuku zikuchita phwando uko. Chifukwa cha galu?"

Tryness anagwada. "Pepani, amayi. Ndi galu wanga. Amadziwa belu ili."

A Florence anamuyang'ana. Nkhope yawo inafewa.

"Wamawanga oyera? Khutu lopindika?"

"Eya, amayi."

"Ndinamuona dzana. Ankatsata ngolo ya nsomba. Mphuno m'mwamba, mchira m'mwamba. Analowera cha kumapiri uko."

Tryness analumpha ndi chimwemwe.

"Dzukani, tiyeni," anatero a Florence kwa anzawo. "Mipango tamanga kale. Tiwaperekeze."

Njinga patsogolo. Ana pakati. Amayi pambuyo, akuimba nyimbo.

Anawoloka dambo. Anafika pamphambano. Njira ina inapita kumanja. Ina inapita kumanzere. Zonse zinali ndi zizindikiro za magudumu a ngolo.

Tryness anamenya belu.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Kunabwera mbuzi imodzi. Inayang'ana anthu. Inalira. Inachoka.

Dzuwa linali litapendeka. A Rabson anayang'ana kumwamba.

"Tryness, nthawi yatha. Tibwerere."

Tryness anamva misozi m'maso. Pafupi panali chulu chachikulu.

"Kamodzi kokha, Atate. Pamwamba pa chulu."

Anakwera pachulu. A Rabson anakweza belu pamwamba pa mutu wawo. Amayi anasiya kuimba. Ana anati zii. Tryness anamenya ndi mphamvu zake zonse.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Anamvetsera. Mphepo. Njiwa. Kenaka, kutali kumanzere:

Hu! Hu! Huuu!

"Ndi iyeyo," anatero Tryness. Anatsika chulu chothamanga.

Pansi pa phiri panali dimba la chimanga chachiwisi. Pambali pake panali ngolo. Mawanga anali pomwepo. Anamumangirira kugudumu ndi chingwe cha luzi. Ankalumpha. Ankalira. Mchira unkangoti pukupuku.

M'chimanga munatuluka bambo wina wachipewa chong'ambika. Anali a Filimoni, eni ake a ngolo. Anaona njinga. Anaona ana. Anaona amayi ndi mabuku a nyimbo.

"Kodi kwagwanji?" anafunsa.

"Zikomo, abambo," anatero a Rabson. "Tabwerera galuyu. Ndi wa mwana wanga."

A Filimoni anapukusa mutu. "Galuyu ndi wanga. Anabwera yekha. Wadya nsomba zanga masiku awiri. Dzina lake ndi Msilikali."

"Ndi Mawanga," anatero Tryness motsitsa mawu.

"Taonani m'mitengomo," anatero a Filimoni. M'mitengo munali apusi ambiri. "Akundithera chimanga. Ndikufuna mlonda. Msilikali sachoka pano."

Tryness anagwira dzanja la atate ake. Anawanong'oneza kanthu. A Rabson anagwedeza mutu.

"A Filimoni," anatero, "tisakangane. Mmasuleni. Inu mumuitane. Mwanayu alize belu. Galu asankhe yekha."

A Filimoni anamwetulira. Anatenga nsomba yaikulu m'ngolo. Anaima uko. Ana anaima pamzere kuno. A Florence anamasula chingwe.

"Msilikali, bwera," anatero a Filimoni. Anagwedeza nsomba. "Bwera, mnyamata wanga."

Mawanga ananunkhiza. Anayenda phazi limodzi. Anayenda lachiwiri. Malovu anayamba kudontha.

A Rabson ananyamula belu m'mwamba. Tryness anakweza kachitsulo kake komenyera belu.

Ngwe! Ngwe! Ngwe!

Mawanga anaima. Khutu lopindika lija linagwedera. Anatembenuka. Anathamanga. Anadutsa ana onse. Anakakhala kumapeto kwa mzere.

"Manja patsogolo," anatero a Rabson.

Ana anaonetsa manja. Mawanga anakweza phazi limodzi.

Amayi analulutira. Ana anaomba m'manja. Tryness anakumbatira galu wake. Mawanga anamunyambita khutu.

A Filimoni anavula chipewa. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Galu wasukulu," anatero. "Ine sindinafike n'komwe Sabu A, kalasi yoyamba. Uyu wandiposa." Kenaka anaweramitsa mutu. "Ndalakwa, aphunzitsi. Ndikanayamba ndafunsa mwini wake. Pepa, mwanawe."

"Zatha, abambo," anatero Tryness.

"Koma apusi aja andimaliza."

"Apusi ati?" anafunsa Tryness.

A Filimoni anayang'ana m'mitengo. Munalibe pusi ngakhale mmodzi. Onse anali atathawira kuphiri. Anaopa belu.

"Muli ndi khasu lakutha?" anafunsa Tryness.

Khasu lakutha linalipo. Analipachika pamtengo. Tryness anawaonetsa pomenya. A Filimoni anamenya. Linalira bwino. Anamenyanso. Anamenyanso.

"Basi, a Filimoni," anatero a Florence. "Mungaitane mudzi wonse. Ife mipango tavala kale kamodzi lero."

A Filimoni anapatsa Mawanga nsomba ija. Anamanga ng'ombe pangolo. Onse anakwera. Amayi anatsika pamudzi pawo. Ana anatsika pamudzi pawo. Njinga, belu ndi galu zinafika kusukulu dzuwa likadalipo.

A Rabson anapachika belu pamango. Linabwerera pamalo pake.

Kunyumba, amayi anali pakhonde. Anali ataphika maungu. Mawanga anathamangira kwa iwo. Anawazungulira katatu.

"Wabwera, wakuba nsomba iwe," anatero amayi. Anamusisita pamutu.

Tryness anatambasula dzanja kumbale.

"Dikira," anatero amayi. "Manja patsogolo."

Tryness anaonetsa manja. Anali ofiira ndi dzimbiri. A Rabson anaonetsa manja. Anali ofiira ndi dzimbiri. Mawanga anakweza phazi. Linali lafumbi lokhalokha.

Amayi analoza ndowa ya madzi.

"Aphunzitsi, mwana wasukulu, ndi galu," anatero. "Nonse atatu, kasambeni."

Ndipo anapita pamzere. Atate patsogolo. Tryness pakati. Mawanga kumapeto.