Gaga wa Thelma pa madzi otentha a Chinyunyu

Pa nkhani za akufa ine sindinama, Mulungu ndi mboni. Ndinalipo, ba Festus adikoni athu analiponso. Mukawafunse.

Thelma, mwana wa mlongo wanga ba Mordecai, amaphunzira kunja. Atate akewo atamwalira, iye anafika maliro atatha kale. Ankangoti, "Ba anti, anapita atandikwiyira."

Tsiku lina madzulo, pochokera kuchigayo, ine ndi ba Festus tinamutenga kupita kumadzi otentha kuti apitidweko mphepo. M'njira ba Festus anamuputa: "Nanga kunjako mumaphika chiyani, ba dokota?"

Thelma anamwetulira pang'ono. Anati amaziziritsa mpweya wotchedwa heliyamu mpaka usanduke madzi. Akautenthetsa mbali imodzi, gawo lina limathawa kutenthako, lina limakulondola. Maso sangaone zimenezi, choncho amawazamo tinthu tonga fumbi n'kumatitsatira ndi kamera.

"Koma madzi wamba ngati awa satero," anatero. "Onani."

Anatapa gaga m'thumba langa, nalowa kumunsi komwe madzi amakhala ofunda chabe, namuwaza. Gaga anatsika ndi madzi monga anayenera.

Kenaka achule analeka kulira. Fungo la madzi otenthawo, longa la mazira ovunda, linatha. Kunabwera fungo la sopo.

Gaga anaima. Anatembenuka. Anayamba kukwera, mzere umodzi, kulimbana ndi madzi.

"Ndi mphepo?" ananong'ona ba Festus.

Panalibe tsamba logwedezeka.

Atafika pamiyendo ya Thelma, anayamba kuzungulira. Pang'onopang'ono. Ngati pansi pali dzanja likuvundula.

Kavundulidwe kameneko ndinkakadziwa. Mlongo wanga sanalowetsepo mwana m'madzi awa asanayese ndi dzanja lake ngati angamuwotche. Pomusambitsa Thelma ali wamng'ono, ankayambira kumbuyo kwa makutu.

"Ba anti, wina wandigwira."

"Tuluka, mwana wanga! M'dzina la Yesu, tuluka!"

"Iyayi. Sakukoka." Anatsinzina, nawerama mutu monga kamwana. "Pepani, atate. Ndinachedwa."

Tinangoima, ba Festus chipewa chili m'manja. Gaga anamwazika, napita. Achule anayambiranso.

Thelma anatuluka akulira, uku akuseka. Ndinamukumbatira, ndikuthokoza Ambuye amene sasiya ana amasiye. Pamenepo ndipo ndinaona. Kumbuyo kwa makutu ake kunali konyowa, kofunda, kuli kathovu.

Madziwo ankamulekeza m'mawondo.