Botolo Lopanda Dzina

Firiji ya mu labotale itasiya kuzizira, kunabwera mmisiri wamtali, wa pakamwa pothira shuga. Anapeza mtsikana woyeza madzi atawerama, akudontheza mankhwala m'timabotolo, osaphethira n'komwe.

"Madzi mukuyeza bwino. Nanga mtima wa munthu mumauyeza bwanji?" anafunsa mmisiriyo.

"Katatu," mtsikanayo anayankha osadzutsa mutu. "Kuno zotsatira za ulendo umodzi sitizikhulupirira."

Firiji inakonzeka tsiku lomwelo, koma mmisiri anabweranso m'mawa mwake, ati kudzamvetsera ngati ikulira bwino. Firiji yake iti! Mwezi usanathe anali atamupatsa mtsikanayo dzina lakuti Kadontho, ndipo analumbira kuti dzinali ndi la iye yekha pansi pano.

Ntchito inali itamulowa m'magazi Kadontho. Kunyumba, ngakhale botolo la mchere linali ndi kapepala ka dzina ndi tsiku. Mayi ake akatamanda mankhwala a chimfine, iye ankafunsa kuti anawayesera pa anthu angati, mpaka mayiwo ankadandaula kuti anabereka wapolisi. Koma kwa mmisiri yekha mafunso onse ankathera pakhosi. Ankamukonda, ndipo ankabwereza mauthenga ake uku akumwetulira yekhayekha: "Kadontho wanga, mtsinje wonse ndilibe nawo ntchito, ine dontho limodzi landikwana." Anali atauza kale mayi ake kuti Lamlungu likubweralo adzawabweretsera mlendo wofunika.

Chimene chinamusowetsa mtendere chinali chaching'ono. Foni ya mmisiri inkagona chafufumimba patebulo nthawi zonse. Komanso mauthenga okoma aja sankatchula kalikonse ka iye. Kaya wadwala mutu, kaya wameta tsitsi, mawu ake anali omwewo, okwana aliyense ngati chipewa cha pamsika. Kodi n'kulakwa kukayikira munthu amene sanakulakwire?

Nkhawayi anaitula kwa mayi wina wachikulire wa pantchitopo, amene onse ankawatchula kuti Anti. Anti anavula magalasi n'kumuyang'ana.

"Iwe, makina timawagwira bodza bwanji?"

Kadontho ankadziwa. Pakati pa mabotolo a madzi okayikitsa amaikapo limodzi la madzi oyera, lopanda dzina. Makina akanena kuti nalonso lili ndi tizilombo, ndiye kuti akungoyankha zofanana pa chilichonse.

Anabwereka foni ya Anti, imene nambala yake mmisiri sankaidziwa, n'kulemba liwu limodzi lokha: "Ndakusowa." Munthu wolungama akanafunsa kuti walemba ndani. Yankho silinachedwe: "Nanenso, Kadontho wanga."

Komabe chikondi n'chosamva. Kadontho anayamba kumuikira kumbuyo mmisiriyo, nati mwina wangozindikira kuti walemba ndi iyeyo. Anti sanatsutse. Anangoti n'zotheka ndithu, choncho abwereze kuyesako m'njira yoti mmisiri asaganize n'komwe kuti ndi iye.

Loweruka masana Kadontho ndi mmisiri anakumana pamalo omwera tiyi. Kadontho anaika foni yake poyera, n'kugwira kapu ndi manja onse awiri kuti aoneke. Mumtima ankapemphera kuti kuyesaku kumuchititse manyazi iyeyo. Mmisiri anali akulonjeza nyumba ya khonde lalikulu ndi ana okongola ngati mayi awo pamene foni ya mmisiriyo inanjenjemera. Anali Anti, atatumizanso liwu lomwe lija.

Mmisiri anasuzumira, nati ndi wina amene firiji yake yavuta, ndipo anatuluka panja kukayankha. Posakhalitsa foni ya Kadontho inawala.

"Pepa, mwana wanga," analemba motero Anti. "Akuti: 'Kadontho wanga, ndili ndi kasitomala wovuta. Ndikamaliza naye ndikuimbira.'"

Kasitomala wovuta! Ndiye dzina lake lenileni limenelo? Dzina lija ankalisunga mumtima ngati dzira linali la aliyense wogogoda, lothandiza mmisiri kuti asasokoneze mayina.

Mmisiri atabwerera, Kadontho anamusonyeza uthengawo. Mnyamata anayamba wati ndi nthabwala, kenako wati ndi Satana, mpaka anagwira m'mphepete mwa tebulo ngati akufuna kugwada. Ataona kuti zonse zakanika, anakumbukira tsiku loyamba lija.

"Wokondedwa, paja unati mumayeza katatu. Ine wandiyesa kawiri kokha. Ndipatse mwayi wachitatu."

Kadontho anakankhira kapu pakati pa tebulo n'kunyamula chikwama chake.

"Kwakwana katatu," anatero motsitsa mawu. "Botolo loyamba ndinali ine."

Ali pamalo okwerera basi anaimbira mayi ake kuti mawa asavutike kukonza m'nyumba, mlendo sabweranso. Mayiwo anafunsa ngati watsimikiza, poti mwina wangomva zonena za anthu.

"Ndayeza ndekha, amayi," anayankha.

Iye amene sankalola dontho kugwa osaliwerenga analira mpaka basi inafika, ndipo sanawerenge ngakhale limodzi.