Nyemba Zopaka Mankhwala

Mtengwa anabwerako kusikelo dzuwa lili paliwombo, mwana ali kumbuyo, khadi ili m'manja. Mwezi wachitatu tsopano mzere wa pakhadipo unkangotsetsereka. Namwino sanamukalipire. Anangodina phazi la mwanayo ndi chala, nasisita tsitsi lake lofiirira n'kufunsa kuti, "Kwanu simulima nyemba kapena mtedza, mayi?"

Ankalima. N'zimene ankalingalira njira yonse.

Pakhonde anapeza apongozi ake aamuna, amene anthu ankawatcha a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi umene sunkachoka m'chiuno mwawo. Anali atayala lona n'kukhuthulirapo thumba lomaliza la nyemba, ndipo mwamuna wake, mwana wawo woyamba, ankatsegula botolo la mankhwala ofiira. Chaka chilichonse a Makiyi ankatero. Nyemba, soya ndi mtedza zikangopetedwa, ankazipaka zonse mankhwala a mbewu, kuti anankafumbwe asalowemo, ndiponso dzanja la wophika lisalowemo. Zina zinkadikira mvula, zina zinkagulitsidwa kwa alimi anzawo. Pakhomo ankadya chimanga basi, ndi masamba akapezeka.

"Taimani kaye, bambo a mwana," anatero mtengwa. "Thumba ilo lokha musathire."

Mwamuna wake anayang'ana bambo ake, kenako pansi.

"Kwagwanji kusikeloko?" anafunsa a Makiyi osadzutsa mutu.

"Akuti mwana akudwala chifukwa cha zakudya, bambo."

"Zakudya? Pakhomo panga pano?" Anaseka mouma. "Matumba a chimanga afika kudenga m'chipindamo, makoswe anenepa mpaka akulephera kuthawa. Anamwino anuwo anagwirapo khasu?"

"Chimanga chimakhutitsa, bambo, koma pachokha sichikuza mwana."

"Uyu sanakule?" Analoza mwana wawo. "Inu munalibe chaka chimene tinadya mbewu. Mvula inagwa tili manja lende, ine ndi malemu amake. Tinakwirira mng'ono wake wa uyu. Ndinalumbira kuti mbewu sidzalowanso mumphika pakhomo pano. Ndipo taonani mdzukulu wangayo, miyendo yonenepa bwinobwino ngati ya bwana!"

Mtengwa anamasula nsalu, n'kumukhazika mwanayo palona, pakati pa nyembazo. Anagwada, nadina phazi lake ndi chala chachikulu monga anachitira namwino, n'kuchichotsa. Paphazipo panatsala kadzenje. Onse atatu anakayang'ana kadzenjeko kakukana kubwerera.

"Si kunenepa uku, bambo. Ndi kutupa." Misozi inkatsika yokha, iye osaipukuta. "Inu munakwirira wanu chifukwa munalibe kanthu. Ine ndikwirire wanga nyumba ili yodzaza? Thirani mankhwalawo. Ine ndilongedza, ndipite kwa achemwali anga. Kumeneko n'kosauka, koma mtedza amakazinga."

Mwanayo anatola nyemba imodzi n'kuyamba kuipititsa kukamwa. Bambo ake anamulanda msanga, ngakhale inali isanapakidwe, ndipo atazindikira zimene achita, anatseka botolo lija n'kuliika patali.

"Iwe, thira!" anakuwa a Makiyi.

"Sindithira, bambo. Akapita awa, nane ndikutsatira."

A Makiyi anadzuka, nalowa m'chipinda cha matumba, n'kumenyetsa chitseko mpaka fumbi linagwa kudenga. Mtengwa anamunyamula mwana n'kukhala pansi, msana atatsamira khoma. Sanakonze katundu. Ankangomvetsera phokoso la m'katimo: thumba likukokedwa, chingwe chikudulidwa, thumba lina, kenako lina.

Atatuluka, manja awo anali ofiira mpaka m'zigongono.

"Zonse n'zopakidwa kale," anatero chapansipansi. "Matumba khumi ndi limodzi, palibe ngakhale limodzi loti angadye." Anakhala pampando mwaphuu. "Kutsuka sizingatheke, mayi?"

"Ayi, bambo. Zimenezo n'zam'nthaka basi."

A Makiyi anayang'ana mapazi a mdzukulu wawo.

"Izi zili palonazi zingamufikitse pati?"

"Miyezi inayi, tikamasamala."

"Nanga ikatha?"

"Mundipatse mizere khumi kudimba. Ndibzale zanga, zodya, ndi maungu omwe. Zimenezo musadzazikhudze."

A Makiyi anapukutira manja pabuluku, koma kufiirako sikunachoke. Anatambasula dzanja kuti asisite mwanayo, n'kulibweza lisanafike.

"Tengani ya kumunsi, kumene madzi sauma," anatero, natembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, usangoima ngati mtengo. Kawaze nkhuni."

Mtengwa anamupatsira mwanayo bambo ake, natenga beseni, n'kuyamba kuwola nyemba ndi manja awiri.