Nyumba Yolira ya Atate a Yunesi

Kalekale, galimoto zisanafike ku Katete, kunali mtsikana dzina lake Yunesi. Yunesi ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuphunzira kuwerenga.

Atate ake, a Filimoni, anali mmisiri womanga nyumba. Anthu a m'mudzi anawapempha kuti amange nyumba yaikulu. Nyumba ya sukulu ndi mapemphero.

A Filimoni anadula mitengo. Anamata makoma ndi dothi lofiira. Padenga anaikapo nsungwi zikuluzikulu za kumtsinje. Kenako anafolera ndi udzu. Nyumba inatha, ndipo inali yokongola.

Inafika nyengo ya mphepo. Masamba anayoyoka. Fumbi linati koboo.

Tsiku loyamba la sukulu, ana anakhala pansi. Aphunzitsi, a Benson, anaima kutsogolo. Asanatsegule pakamwa, china chake chinalira.

"Huuuu!"

Ana anayang'anana.

"Ndani ameneyo?" anafunsa aphunzitsi.



"Huuuu! Hiiii!"

Mawu ankachokera kumwamba. Koma kumwamba kunalibe munthu. Ana anathawa. Aphunzitsi anatola mabuku awo, nawonso anatuluka.

M'mawa mwake nyumba inaliranso. Mkuja inaliranso. Nthawi zina inkalira ngati nkhalamba yodwala. Nthawi zina inkalira ngati khanda.

"Muli mzukwa," anatero ena.

"Ayi, pansi pake pali manda akale," anatero ena.

Anthu anasiya kudutsa pamenepo. Amayi opita kudambo ankazungulira kutali. Ngakhale agalu ankauwira patali.

Madzulo ena abambo a m'mudzi anabwera kwa a Filimoni.

"Nyumba ija tiitentha mawa," iwo anatero.

A Filimoni anawerama. Anangoyang'ana manja awo. Chakudya sanadye.

"Atate, idyani," anatero Yunesi.

"Mwana wanga," anatero atate, "ndani adzandiitanenso kuti ndimumangire?"

Kutacha, Yunesi anasowa thadzi lake. Linali thadzi lamawangamawanga. Anafuna m'khola. Munalibe. Anafuna kunsi kwa nkhokwe. Kunalibe.

Kenako anaona mapazi a nkhuku pafumbi. Anawatsatira. Mapazi anadutsa pamtondo. Anadutsa pachulu. Analowa m'nyumba yolira.

Yunesi anaima pakhomo. 

"Akaitentha, thadzi langa lipsa," anaganiza.

Analowa.

M'kati munali mdima pang'ono. Munali mozizira. Munkanunkha dothi ndi udzu. Munali zii.

"Huuuu!"

Tsitsi la Yunesi linaima. Anafuna kuthawa. Koma pakona anaona maso awiri aang'ono. Linali thadzi lake! Linali litakhalira mazira. Linali phee, osaopa chilichonse.

"Iwe sukuopa?" ananong'ona Yunesi.

Thadzi linangophethira.

Yunesi anakhala pafupi nalo. Anatchera khutu. Mphepo ikaleka, kulira kunkaleka. Mphepo ikabwera, kulira kunkabweranso.

Anakwera pampando wadothi. Anagwira nsungwi imodzi ya denga.

"Huuuu!"

Nsungwi inanjenjemera m'dzanja lake!

Yunesi anatuluka. Anatsatira nsungwi ija mpaka kukhonde. Kumeneko inali ndi kamwa. Kamwa lakuda, lozungulira, loyang'ana kumene kunkachokera mphepo. Nsungwi zonse zinali ndi makamwa otero.

Pansi panali chitsononkho cha chimanga. Yunesi anachitola. Anakwera pamwala. Anachilowetsa m'kamwa mwa nsungwi.

Nkhalamba yodwala ija inakhala chete. Linatsala khanda lokha.

"Hiiii!"

Yunesi anachotsa chitsononkho. Nkhalamba inayambiranso.

Nthawi yomweyo anamva fungo la utsi. Abambo a m'mudzi anali kubwera. Wakutsogolo ananyamula muuni wamoto. Atate a Yunesi anali pambuyo, atazolika.

"Musatenthe!" anakuwa Yunesi.

Amayi ake, a Naomi, anathamanga. "Yunesi! Choka pamenepo, mwana iwe!"

"Amayi, taimani. Atate, tamverani!"

Anatseka kamwa la nsungwi. Mawu aakulu analeka. Anatsegula. Anabweranso. Anatseka. Anatsegula.

Anthu onse anati kukamwa yasa.

"Si mzukwa," anatero Yunesi. "Ndi mphepo. Ikuuzira m'nsungwi ngati chitoliro."

Aphunzitsi anayandikira. Anatseka nsungwi ina ndi chikhatho chawo. Khanda lija linatonthola. Aphunzitsi anaseka mpaka misozi. Bambo wamuuni anaponya moto pansi. Anauponda ndi kuuthira dothi.

A Filimoni anayenda pang'onopang'ono m'khonde. Anamvetsera nsungwi iliyonse.

"Ya bowo lalitali ili ndi mawu aakulu," anatero. "Ya bowo lalifupi ili ndi mawu aang'ono."

Anakanya dothi. Anayamba kumata makamwa a nsungwi, limodzilimodzi. Nyumba inayamba kukhala chete.

"Atate, musamate zonse," anatero Yunesi. "Siyaniko zina."

"Kuti ziziliranso?"

"Ayi. Kuti ziziimba."

A Filimoni anamuyang'ana. Kenako anatenga mpeni wawo. Anasiya nsungwi zitatu kumapeto kwa khonde. Anadulako pang'ono iyi. Anamvetsera. Anadulako pang'ono iyo. Anamvetseranso.

"Apo bwanji?" anafunsa.

"Dulaninso pang'ono," anatero Yunesi.

Mphepo inabwera. Nsungwi zitatu zinayankha pamodzi. Mawu ake anali ofewa. Anali ogwirizana, ngati anthu atatu oimba kutali.

Anthu anamvetsera. Ena khungu linawachita tsembwe. Koma palibe anathawa.

Amayi a Yunesi anayamba kung'ung'udza motsatira. Amayi ena analowererapo. Posakhalitsa mudzi wonse unali kuimba ndi nyumba ija.

A Filimoni ananyamula Yunesi. Anamukhazika paphewa. Manja awo anali matope okhaokha, ndipo anamudetsa miyendo.

"Atate, mwandipaka matope!"

"Mmisiri sakhala woyera," anatero atate. "Mawa tipite kumtsinje. Ukandisankhire nsungwi za nyumba yathu."

"Zoimba?"

"Zoimba," anatero atate.

"Koma zisamaimbe ine ndikugona!" anatero amayi.

Onse atatu anaseka.